Nsawa za m'Sitolo ndi Dzanja la Amayi

Lachiwiri masana azakhali anga analanda lichero la nsawa pamiyendo ya amayi, n'kulikhuthulira pansi pakhonde la chipatala. Nsawa zinagubuduka mpaka pabwalo. Nkhuku za kukhichini zinafika msanga kuposa anesi.

Ine ndinali nditangofika kuchokera kusukulu, mabuku ali m'manja. Inu amene timagona nyumba imodzi kuno kusukulu mukundidziwa, pakamwa panga pamatseguka ndikakhala ndekha ndi kabuku kanga. Choncho zimene ndinalephera kunena pakhonde paja ndizinena pano, pa tsamba lathu la nkhani za pasukulu la sabata ino.

Ndiyambe ndi dzanja.

M'mwezi wa Ogasiti moto wa anthu osaka mbewa unalowa m'mudzi mwathu, kufupi ndi Sinda, n'kugwira denga la nkhokwe ya chimanga. Abambo ali kuntchito ku Halale. Amayi sanadikire munthu, anazula udzu woyakawo ndi manja. Chimanga chinapulumuka, koma dzanja lawo lamanja linapsa kwambiri. Kuchipatala cha mishoni kuno chilonda chinapola bwino. Chimene chinatsala n'chakuti khungu linakokana, zala n'kupindikira m'kati, ngati za mwana amene wafumbata chiwala kuti chisathawe.

Azakhali, mlongo wawo wa abambo, ndiwo anabwera kudzadwazika. Sindikufuna wina aganize kuti ndikuwanyoza. Anasiya munda wawo, akugona pamphasa pansi pa bedi la amayi miyezi yonseyi. Amawasambitsa, amawadyetsa, amawamangira nsalu. Amayi akangotambasula mkono kuti atenge chikho, chikhocho chimakhala chafika kale pamilomo pawo.

Tsopano Mayi Zubeda.

Mukuwadziwa nonse, ngakhale dzina mwina mukulimva lero. Ndi akazi a Mmwenye wa sitolo ya zitseko zobiriwira ku Katete, kumene timagula nsalu ya yunifolomu. Amayeza nsalu, amadula, amakulunga, sayankhula zambiri. Ine ndinkaganiza kuti anabadwira kuseri kwa thebulo limene lija.

Ndinalakwitsa. Kwawo ku Bombay anaphunzira zaka zingapo pachipatala chachikulu ntchito imene dzina lake m'Chingerezi ndi lalitali, ndipo m'chinenero chathu mulibe. Sabaya jakisoni, sapereka mapilitsi. Amatenga munthu amene chilonda chake chapola koma thupi laiwala ntchito, n'kumupatsa chochita, pang'onopang'ono, mpaka dzanja kapena mwendo ukumbuke. Atakwatiwa anawoloka nyanja pa sitima, kenako sitima ya pamtunda, kenako lole, mpaka pa msewu wathu waukuluwu. Mapepala awo a sukulu anabwera nawo m'bokosi limodzi ndi zovala zaukwati.

Izi ndinazimva akuuza amayi pamene ankawatikita dzanja, ine nditakhala pambali ngati ndikuwerenga. Akuti anayenda m'zipatala kufunsa ntchito, mpaka ku Fort Jameson. Kwina anawauza kuti ntchito yotero kuno kulibe. Kwina anati mapepala a ku India sawerengedwa. Kwina kalaliki anakanda m'mutu n'kunena kuti pali malo a Azungu ndi malo a anthu akuda, nanga iwo awaika pati? Mvula inagwa, inatha, inagwanso, iwo akuyeza nsalu.

Mwezi watha dokotala wa kuno, atatopa ndi kuwaona pakhomo pake, anati: "Yesani mpaka mwezi uthe, tione." Sanawapatse chipinda kapena chipangizo. Anawalozera ngodya ya khonde.

Ndi pangodya imeneyo pamene ndinaona zinthu zimene sindinaonepo. Ankabwera ndi beseni la madzi ofunda ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi. Ankaviika dzanja la amayi, n'kutikita chala chilichonse pachokha, akuchiyankhula motsitsa ngati mwana wokana kudzuka. Anasema kathabwa kopepuka komangirira zala kuti zisabwerere m'kati. Ndiyeno tsiku lina anabwera ndi thumba la nsawa zosaswa.

"Anambewe," anatero kwa amayi, "kuti nsawa isweke, chala chachikulu ndi chinzake ziyenera kukumana. Zanu zinayambana. Tiziyanjanitsa."

Tsiku loyamba nsawa inkangoterereka. Amayi anatuluka thukuta pamphumi ngati akulima mphanje, ndipo pamapeto pake analira. Koma m'mawa mwake anapempha lichero okha. Posachedwa pangodya paja panadzaza: bambo wina amene mkono wake unauma atagwa panjinga, mtsikana wopsa ndi phala, agogo ena a mbali imodzi yofooka. Onse akuswa nsawa, akusekana.

Azakhali ankayang'anira patali, milomo atamanga. Lachiwiri inamasuka.

"Alamu, mwasanduka waganyu liti?" anafunsa, lichero lili kale pansi. "Munthu wodwala, dzanja lili chonchi, mukuswera Mmwenye nsawa?"

"Ndi mankhwala, alamu," amayi anayankha.

"Mankhwala amene amalowa m'thumba n'kupita kusitolo? Dzulo ndinaona ndi maso angawa. Thumba linakwera njinga. Kapena njingayo nayonso ikudwala zala?"

Odwazika ena anaseka, koma kuseka kwake sikunali kwabwino. Azakhali anatembenukira kwa Mayi Zubeda.

"Adona a m'sitolo, nsawazi n'za yani?"

"Za amuna anga."

"Zikaswedwa zimapita kuti?"

Mayi Zubeda akanatha kunena kuti zimapita kukhichini kwa ana odwala, ndipo palibe akanafufuza. Anayang'ana pansi pamene nkhuku zinali kulimbirana, n'kunena kuti: "Zimabwerera kwa amuna anga. Anangondibwereka."

"Mwamva nokha," azakhali anauza khonde lonse, ndipo anamanga nsalu yawo mwamphamvu n'kulunjika kwa dokotala.

Madzulo omwewo mawu anatuluka. Ntchito ya pangodya iime. Lachisanu dokotala adzamva mbali zonse, ndipo ngati abale a odwala sakufuna, Mayi Zubeda abwerere kusitolo. Anesi anati dokotala sanakwiye, koma akuopa. Mbiri ikafika m'midzi kuti pachipatala odwala amagwira ganyu, ndani adzabweretsenso m'bale wake?

Ndakhala ndikudzifunsa kuti wolakwa ndani, ndipo sindikumupeza.

Azakhali sananame. Kwathu ukaswera munthu nsawa, amakufululira thobwa, kapena amakupatsako kambale kopita nako kunyumba. Ntchito ya pa mbewu ya mwini ili ndi mwambo wake. Ndipo amene amagula nsawa zathu pa sikelo chaka chilichonse ndi sitolo yomweyo. Munthu wosamala mlamu wake akanaganiza chiyani?

Mayi Zubeda nawo sanabe. Kuchipatala chawo kutsidya kwa nyanja kunali zoombera nsalu, dongo, matabwa, zonse za chipatala, ndipo palibe ankafunsa kuti chopangidwacho chipita kuti. Kuno anapatsidwa ngodya yopanda kanthu, ndiye anatenga chimene chinali pafupi.

Koma pali china chimene chikundivuta kwambiri, ndipo sichikukhudza nsawa.

Taonani mmene timadwazikira. Munthu akadwala timamukonda pomulanda. Timamulanda khasu, ndipo n'zoyenera. Timamulanda munsi, n'zoyeneranso. Kenako timamulanda chikho, tsache, singano, ngakhale mfundo ya nsalu yake. Wodwala akaoneka atagwira kanthu, manyazi amagwera abale: kodi alibe womusamala? Ndiye timathamanga, timamukhazika pansi, timati pumani.

Nanga tikamulanda zonse, tamusiyira chiyani choti adzukire m'mawa?

Ndinawaona amayi m'miyezi ya kupumayo. Munthu amene kunyumba dzuwa silinkamupeza pamphasa ankangoyang'ana khoma. Ndikawauza za mayeso anga ankati "Chabwino," maso ali kwina. Anali aukhondo, okhuta, osamalidwa, koma ankachepa tsiku ndi tsiku. Pamene anayamba kulimbana ndi nsawa m'pamene anayambanso kundikalipira za kolala yakuda ya yunifolomu yanga. Sindinadziwe kuti munthu angasowe kukalipiridwa.

Ndaganizanso za abambo. Iwo ndi mmisiri wa matabwa. Mipando ya m'tchalitchi chathu anapanga ndiwo. Ku Halale amathirira maluwa pakhomo pa Mzungu, chifukwa kumeneko palibe anawafunsa chimene manja awo amadziwa. Atabwera kudzacheza ulendo watha, anaona chitseko chathu chikukwekwa pansi. Anachizula, anachipala, anachibwezera, madzi akumwa ali chidikirire m'manja mwa amayi. Ndinkaganiza kuti ndi ukali. Lero ndikuganiza kuti inali njala ya ntchito yawo.

Ndani mwa ife alibe m'bale wotero ku Migodi, ku Halale kapena ku Joni? Timawadandaulira, timawapempherera Lamlungu. Koma sitinaganizepo kuti kuno nakonso ndi kuchilendo kwa anthu ena. Bambo wowoloka kuchokera kudziko la Apwitikizi kudzera m'malire a ku Vubwi timamupatsa khasu ndi malo ogona, n'kudziyesa okoma mtima. Alipo amene anamufunsa kuti kwanu munkagwira ntchito yanji? Ine ndagula nsalu m'manja mwa Mayi Zubeda chiyambire sukulu ino, osadziwa kuti manja amenewo amadziwa kuwongola zala za munthu.

Lachitatu ndinawapeza Mayi Zubeda akutenga beseni lawo ndi kabotolo kaja. Anali atavala nsapato zoyendera, ngati munthu amene waweruzidwa kale. Azakhali anali atapita kukachapa. Amayi anawakodola ndi dzanja lamanzere.

"Amayi, bwerani ndikufunseni. Mankhwalawa ali m'nsawa za amuna anu zokha, kapena m'nsawa iliyonse?"

Mayi Zubeda anaseka pang'ono, atatseka pakamwa ndi nsalu. "Iliyonse, Anambewe. Ngakhale yofumbwa."

"Nanga zanga bwanji? Kankhokwe ka nsawa sikanapse. Mitambo yayamba kale kusonkhana, mbewu yanga ikadali m'makoko, ndipo woiswa palibe."

"Ndinaganizapo," anatero. "Koma ine ndine mlendo, mkazi wa wogula nsawa. Ndikanati bweretsani mbewu yanu, anthu akanati chiyani?"

"Akanati mukufuna kutibera mbewu," amayi anavomera.

"Ndiye ndinatenga za kunyumba kuti ndisaoneke wakuba."

"N'kuoneka wakuba."

Anayang'anana, ndipo onse awiri anaseka mpaka anesi anasuzumira. Kenako amayi ananditembenukira. "Malita, ukapemphe aphunzitsi akulole mawa. Ukatenge za kumanja kwa kankhokwe, zazikuluzikulu zija. Usauze azakhali ako, angakukonzere kamba wa ulendo wa ku Lusaka."

Aphunzitsi anandilola. Ndinakwera lole ya thonje mpaka pa Sinda, ndipo ndinabwerako dzuwa likupendeka, phukusi lili pamutu.

Lachisanu dokotala anabweretsa mpando wake pakhonde. Anthu anadzaza, odwala ndi odwazika, ena atatsamira mizati. Mayi Zubeda anaima cha kumbuyo, manja atapinda pachifuwa. Azakhali anayankhula bwino kwambiri, mopanda chipongwe. Anati sanabwere kudzayambana ndi munthu, koma mchimwene wawo ali kutali, ndipo akadzabwera sakufuna kudzamuuza kuti mkazi wake ankagwirira ntchito sitolo ali pabedi la chipatala. Amayi ambiri anagwedeza mitu kuvomereza.

Dokotala, amene amayankhula Chichewa chathu mwapang'onopang'ono, anafunsa amayi ngati ali ndi mawu.

Amayi anakoka phukusi lija pansi pa bedi limene anesi anatulutsira panja. Anamasula mfundo ndi dzanja lamanzere ndi mano.

"Adokotala, izi n'zanga. Ndinalima ndekha. Ngati ndi ganyu, ndadzilemba ndekha, ndipo ndidzadzilipira ndekha pokolola."

Wina kumbuyo anati, "Bwana wake ngwankhanza ameneyo," ndipo anthu anaseka.

Ndiye amayi anatambasula dzanja lopsa lija.

Ndikufuna ndilembe izi mosamala, chifukwa ndikuopa kuti ndidzaiwala mmene zinaonekera. Dzanjalo lili ndi zipsera zoyera ndi zofiirira, khungu lake limanyezimira ngati la mwana wobadwa kumene. Linatsikira paphukusi. Chala chachikulu chinasuntha, pang'ono kwambiri, ngati nkhono ikamatulutsa mutu. Chinzake chinabwera kudzakumana nacho. Zinanyamula nsawa imodzi, zinaikweza mpaka pachifuwa, ndipo inagwa.

Isanathe n'kugubuduka komwe, dzanja la azakhali linali litaitola kale. Sanaganize. Zala zawo zinali zitayamba kuifinya.

"Alamu," amayi anatero motsitsa, "bwezerani. Ndipo khalirani manja anuwo."

Palibe amayankhula choncho kwa mlongo wa mwamuna wake, makamaka amene wamugonera pansi miyezi itatu. Azakhali anayang'ana amayi nthawi yaitali. Kenako anabwezera nsawa ija paphukusi, anakhala pansi, anaika manja onse awiri pansi pa ntchafu zawo.

Amayi anayesanso. Inagwa. Anayesanso. Mitsempha ya m'khosi mwawo inatuluka, dontho la thukuta linatsika pamphuno. Ndinaona mapewa a azakhali akugwedezeka ngati a ng'ombe yomangidwa pamene zinzake zikupita kudambo. Ndinayang'ana Mayi Zubeda. Maso anali pa chala cha amayi, ndipo chala chawo chachikulu chinali kufinya mphepo, osadziwa.

Ndiye tinamva kaphokoso. Kakang'ono, kouma, kamene kumudzi timakamva tsiku lonse osakamvetsera. Khoko linang'ambika, ndipo njere ziwiri zofiira zinagwera pansalu ya amayi.

Sindikudziwa chifukwa chake anthu akuluakulu anapuma onse pamodzi chifukwa cha nsawa imodzi. Agogo a mbali yofooka aja anawomba m'manja ndi dzanja limodzi pabondo. Ine ndinaganiza za zonse zimene zinayenera kuchitika kuti khoko limenelo lisweke: sukulu ya ku Bombay, sitima ya panyanja, zitseko zonse zimene zinatsekeka, kathabwa, mafuta a nsatsi. Ndinaganizanso za chala chenichenicho, mmene Mulungu anachiikira moyang'anana ndi zinzake. Ndakhala nacho moyo wanga wonse, sindinachithokozepo.

Dokotala anafunsa azakhali ngati akadali ndi dandaulo.

"Zathu ziswedwe," anayankha, manja akadali pansi pa ntchafu. "Za kusitolo aswe eni ake. Ali ndi zala zonse."

Dokotala anati chabwino. Mayi Zubeda apitirize, ndipo wodwala aliyense abale ake amubweretsere ntchito ya kwawo, kaya ndi chimanga chotong'ola, thonje losankha, kapena mphasa yosatha kusoka. Anawapatsa kachipinda kamene munkasungidwa mabedi othyoka. Anati adzalembera akuluakulu kuti malo a ntchitowo akhazikike, ngakhale sakudziwa kuti adzayankha liti ndiponso adzaitcha chiyani. Mayi Zubeda sanathokoze ndi mawu ambiri. Anapita kwa azakhali, anagwada monga timagwadira ife, mosazolowera, bondo limodzi likuchedwa.

"Dzukani, adona, mungang'ambe nsalu yodula," azakhali anatero. "Ndipo mawa mundionetse mmene mumatikitira. Usiku simukhalapo inu."

Dzulo Loweruka ndinakawaona. Amayi anali pakhomo pa kachipinda katsopano, lichero pamiyendo, makoko ochepa pambali. Zambiri zimagwabe. Zala zina zitatu zikadali zopindika, ndipo Mayi Zubeda sanalonjeze kuti zidzawongoka zonse. Azakhali anakhala pafupi, nkhope atatembenuzira kumtengo wa mango, manja atawakhalira.

"Malita," anandiuza osandiyang'ana, "kusinja thumba lathunthu la chimanga n'kopepuka kuposa izi."

Ndikuwakhulupirira. Tonse tinaphunzitsidwa kuthamangira wodwala, ndipo ndi mwambo wabwino, sindikufuna uthe. Koma palibe anatiphunzitsa kuonerera munthu amene timamukonda akuvutika ndi kanthu kamene ife tingachite m'kuphethira kwa diso, n'kumusiya. Tchuthi chili pafupi, ndipo ambiri a inu mukapeza wodwala kunyumba akutambasula mkono kuti adzitengere chikho. Mungathe kukhalira manja anu mpaka achifike?